Ndinanenepetsa Mwana Wanga Kuti Anthu Atseke Pakamwa

Inu owerenga, mwana wanga Dailesi amayenda ndi ndodo lero, ndipo amene anamupatsa ndodoyo ndine mayi wake. Sindinamumenye, sindinamukankhe, ndinangomudyetsa. Nkhaniyi yakhala pakhosi panga zaka zambiri, moti ngakhale m'tchalitchi sinditha kukhala pabenchi mpaka mapemphero kutha, ndimangotulukatuluka ngati ndasiya mphika pamoto. Lero ndati ndiilavule, mwina mayi wina angaimve nthawi ikadalipo.

Ine ndine wa ku Chawama, mu Lusaka muno, wobadwira komweko. Abambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno kalekale, ndipo chilankhulo chawo ndicho ndinayamwa, ngakhale pamsika ndimasakaniza monga anzanga onse. Ndimagulitsa salaula, zovala zija abale athu a ku Malawi amati kaunjika. Malondawa ndinawayamba zaka zija zinthu zinatembenuka, makampani a boma akugulitsidwa, amuna akubwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo atawachotsa ntchito, m'mbali mwa misewu mutadzaza tuntemba, timaokala tija togulitsiramo zinthu, aliyense akugulitsa chimene wapeza. Ndikati chimene wapeza ndikunena chilichonse, ngakhale mankhwala amene kale tinkangowaona kuchipatala.

Thupi langa ndi lalikulu chibadwire. Ndikakwera minibasi, kondakitala ankati ba mayi mulipire mipando iwiri, ine n'kumusambwadza, basi yonse n'kufa nazo. Ndinkanyadira, sindibisa. Ndinkakhulupirira kuti munthu wonenepa ndi wolimba mpaka m'mafupa, ndipo panalibe wondiuza zina.

Bambo ake a Dailesi anali m'gulu la ochotsedwa ntchito aja. Asanazolowere n'komwe kukhala pakhomo, chifuwa chachikulu chinawagwira. Anadwala nthawi yaitali, anaonda mpaka lamba kusowa pogwira, kenako anatisiya. Tsono inu amene munaliko zaka zimenezo mukudziwa kuti munthu akamwalira ataonda, anthu sankafunsa kuti wadwala chiyani. Ankangotsinana n'kumati ndi kaliondeonde, matenda aja tinkaopa ngakhale kuwatchula dzina. Pamaliro pomwepo ndinaona azimayi akundiyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Atasowa pondigwira chifukwa cha thupi langali, maso awo anakatera pa mwana wanga.

Dailesi ndiye anadwazika abambo ake, akanali mtsikana wongomaliza kumene sukulu. Atamwalira, mwanayo chakudya chinamukana. Ankangomwa tiyi m'mawa, n'kusenza chikwama cha malaya, n'kuyenda wapansi kuchoka ku Chawama mpaka m'tauni kukagulitsa m'maofesi ndi m'magalaja, n'kubwerera wapansinso. Ndikamuikira mbale ankangotola pang'ono n'kukankhira kumbali. Anaonda, abale, anaonda mochititsa mantha. Mafupa a pakhosi anatuluka, wotchi ya abambo ake imene ankavala inkatsetsereka mpaka pachigongono. Kumpopi azimayi ankasiya nkhani akamuona akubwera, ndipo mayi wina woyandikana nafe analeka kubwereka makapu kwathu.

Tsiku lina tikuchapa, anandiuza motsitsa mawu kuti wasiya kupita kumwezi, ndipo papita nthawi yaitali. Ndinamufunsa ngati ali ndi pakati, anakana, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti akunena zoona. Anapempha kuti tipite kukiliniki. Apa ndiye ndinalakwira koyamba. Ndinamukalipira kuti pamzere wa kukiliniki pamakhala theka la Chawama, akamuona pamenepo ndiye kuti watsimikizira anthu zimene akunena. Ndinamuuza kuti mawu akuti kiliniki ndisawamvenso m'nyumba mwanga. Chilungamo chake n'chakuti ndinkaopa. Ndinkaopa kuti akamuyeza magazi apezadi chinthucho, ndipo ndinasankha kusadziwa. Akulu anati safunsa anadya phula, ine ndinadya phula langa ndili maso.

M'kati mwa zimenezi munabwera Lakisoni. Anali makaniko wa ku Matero, dera lina la mumzinda momwemuno, makolo ake ochokera ku Katete, mnyamata wofatsa wosachedwa kuchita manyazi. Anamuona Dailesi akugulitsa malaya pagalaja pawo, woonda chomwecho, n'kumukonda. Anatumiza ankhoswe ndi mbale zovundikira monga timachitira m'tauni muno, ndipo ine ndinavina m'chipinda ndekha. Ndinati Mulungu wandikumbukira, mwana wanga akwatiwa, onditsina aja achite manyazi.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Amake Lakisoni anabwera kudzaona mpongozi wawo. Dailesi anawagwadira, anawasambitsa m'manja, zonse mwaulemu. Powaperekeza, titafika pamsewu, mayiwo anaima n'kundigwira dzanja.

"Ba sebele, mwana ni wabwino, ulemu ali nawo," anatero, kundiitana monga amaitanirana makolo a anthu okwatirana. "Koma thupi lija... ali chabe bwino?"

Ndinaseka, ndinati ndi chisoni cha abambo ake basi. Koma mawu amenewo anandilowa ngati munga. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso pansi. Pamsika ndinkapinda malaya n'kuwapindanso, kasitomala akufunsa mtengo ine ndili ku Matero m'maganizo, ndikuona mayi uja akuuza mwana wake kuti afune mkazi wina. Ndikafika kunyumba ndinkamuyang'ana Dailesi m'mikono, m'khosi, ngati kuti wanenepako chichokereni m'mawa. Ndinkangoti ukwati uwu ukatha, mwana wanga sadzafunsiridwanso ndi munthu m'Lusaka yense.

Amene ananditsina khutu anali bana Mwila, kunena kuti amake Mwila, mnzanga wogulitsa nsapato pafupi ndi benchi langa. Anandiona ndikuzungulirazungulira, ndipo nditamuuza anaomba m'manja.

"Amake Dailesi, muvutikira chani? Kuli tumapilisi pa kantemba kaja ka kuseri. Mwana azafutuka monga chitumbuwa mumafuta."

Ndinapita tsiku lomwelo. Wogulitsayo anali munthu amene kale ndinkamudziwa akugulitsa fodya ndi maswiti. Ananditolera timapiritsi toyera, ting'onoting'ono, n'kutikulunga m'kachidutswa ka nyuzipepala. Panalibe dzina, panalibe botolo, ndipo ine sindinafunse. Kunyumba ndinamuuza Dailesi kuti ndi mavitamini. Anameza osakayika, chifukwa anamupatsa ndi mayi wake.

Inu owerenga, mankhwalawo anagwira ntchito, ndipo tsoka lake linali pomwepo. Mwana amene ankakana chakudya anayamba kufunsa kuti kwatsala chiyani mumphika. Ine ndiye ndinachita kupenga. Vitumbuwa m'mawa, buledi wopaka batala mbali zonse ziwiri, tiyi wa mkaka wa m'chitini, maheu odzaza shuga, chipisi, chikopa cha nkhuku, chilichonse chonona ndinkathamanga nacho kwa iye. Ndinamuletsa zoyenda m'tauni, ndinati akuwotcha mafuta pachabe. Ndinamubindikiritsa m'nyumba kuti asapse ndi dzuwa, adzatuluke woyera pa tsiku lake. Ntchito yake inali kudya ndi kukhala pamphasa.

Masaya anadzaza, nkhope inakhala yozungulira. Lamulungu ndinkayenda naye pang'onopang'ono podutsa pampopi kuti amuone bwino. Mayi uja analeka kubwereka makapu anabweranso kudzapempha mchere. Amake Lakisoni atamuona anaimba nthungululu pakhomo panga, amvekere manje ndiye mkazi uyu. Ndinatupa ndi kunyada. Ndikanaleka pamenepo mwina bwenzi nkhani ili ina.

Koma galaja la Lakisoni linatsekedwa, monga ankatsekera malo ambiri masiku amenewo, ndipo ukwati unaimitsidwa mpaka apeze ntchito ina ndi nyumba yolowamo. Dzinja linadutsa, linanso linafika. Ine ndinkaopa kuti ndikasiya mankhwala mwana aphwa ngati chubu, anthu ayambirenso. Ulendo wina kantemba kaja kanatsekedwa kwa masiku angapo, Dailesi anakhala osamwa. Anafooka, anasanza, akaimirira chizungulire. M'malo mochita mantha ndi mankhwalawo, ine ndinati mwaona, thupi likuwafuna. Kantemba katatsegulidwa ndinawonjezera.

Ananenepa mpaka kundipitirira ine. M'mabelo anga onse a salaula munalibe diresi lomukwana, ndinkachita kusoketsa zitenje ziwiri. Koma kunenepa kwake kunali kwachilendo, ndipo maso anga ankaona ngakhale mtima unkakana. Mimba ndi chifuwa zinali zazikulu, pamene miyendo inali yoonda. Kumbuyo kwa khosi kunamera kalinunda. Pamimba ndi m'mikono munatuluka mizere yofiirira, ndipo akangogunda pachitseko pang'ono pankada. Kuchoka pamphasa ankachita kugwira khoma. Tsiku lina anawerama kuti anyamule ndowa, anakuwa, n'kugwira msana. Anagona masiku angapo osatembenuka. Ine ndinamusisita ndi mankhwala otentha aja, ndikumunena kuti ulesi wamulowa m'mafupa. Atadzuka ndinazindikira chinthu china. Dailesi anali wamtali, kale ndinkachita kukweza mutu polankhula naye, koma tsopano tinkayang'anana maso ndi maso. Ndinadziuza kuti ndi kaimidwe chabe.

Lakisoni anayesa kundifunsa. Anagwada patali monga mkamwini, n'kunena mwaulemu kuti akuona ngati Dailesi akupuma movutika, mwina akaonedwe ndi adokotala. Ndinamudula mawu. Ndinati apongozi, za azimayi zisiyireni azimayi, inu kafuneni ntchito. Anaweramitsa mutu n'kuchoka. Nayenso Dailesi anandidandaulira. Ananena mawu amene mpaka lero amandiyabwa m'makutu: "Amayi, thupi ili si langa." Ndinamuyankha kuti apirire, ikangotha kicheni pate tisiya zonse.

Lakisoni anapeza ntchito yokonza maminibasi, tsiku linakhazikitsidwa. Kicheni pate, kwa amene simuidziwa, ndi phwando la azimayi okhaokha ukwati usanachitike, kumene mkwatibwi amalandira ziwiya za kukhitchini n'kuonetsa kuti analangizidwa. Amalowa atamufunditsa chitenje, akukwawa ndi mawondo pambuyo pa alangizi. Akamuvundukula amapita pamaso pa apongozi ake aakazi, n'kudzigwetsa chammbali, kuomba m'manja ali chigonere, n'kutembenukira mbali inayo kuombanso. Umenewo ndiwo ulemu waukulu, ndipo azimayi amayang'anitsitsa kuti aone ngati mtsikana akuuchita ndi mtima wonse.

Masabata angapo tsikulo lisanafike, Dailesi ankadandaula kupweteka m'mphechepeche, akuyenda motsimphina. Anapempha alangizi kuti angogwada basi, asagone pansi. Mlangizi wamkulu, mayi wachifundo, anavomera, anati tikayala matiresi kapena angogwada, palibe mlandu. Amene anakana ndine. Ndinati mwana wanga sakachita zatheka pamaso pa anthu a ku Matero, akadzigwetse monga anadzigwetsera anzake onse, apongozi ake aone kuti ali ndi mphamvu. Ndinalankhula mokweza mpaka mlangiziyo anangoti chabwino, mwana ndi wanu.

Linali Loweruka masana, pabwalo la simenti la nyumba ina yaikulu imene tinabwereka. Azimayi anadzaza, ng'oma zikulira, mphatso zitaunjikana patebulo. Ine sindinakhale pansi ngakhale kamodzi. Ndinkathamangira kumiphika, kuchipata, kwa alangizi, chitenje chikumasuka ndikumanganso. Dailesi analowa akukwawa, pang'onopang'ono kwambiri, ndipo pansi pa chitenje ndinkamumva akupuma ngati wakwera phiri. Atamuvundukula azimayi anakuwa ndi chimwemwe. Ndinamva wina kumbuyo kwanga akuti taonani thupi, mwana wasungidwa uyu. Mtima wanga unati eya, nenani.

Anafika pamaso pa amake Lakisoni. Anandiyang'ana kamodzi, ine ndinamugwedezera mutu kuti chita. Anadzigwetsa kudzanja lamanja ndi thupi lonse lija pasimenti. Ng'oma zinali pamwamba, koma ine ndinali pafupi, ndinamva kuti thyo, ngati munthu waponda nkhuni youma.

Sanaombe m'manja, ndipo sanatembenuke. Azimayi ankaganiza kuti akutalikitsa ulemu, anawonjezera nthungululu. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinawerama n'kumunong'oneza mwaukali kuti tembenuka iwe, usandichititse manyazi. Anatsegula maso, thukuta lili chuchuchu, n'kungoti, "Amayi, mwendo." Nditayang'ana ndinaona phazi lake lagonera kunja, mwendowo wafupika. Ndinakuwa mpaka ng'oma zinaleka. Tinalephera kumudzutsa. Tinachita kuzula chitseko n'kumugonekapo, azimayi ambiri kugwirizana, n'kumukweza m'galimoto imene inabweretsa mipando.

Kuchipatala anamujambula mafupa. Ine ndinali m'khonde, ndikuyenda uku ndi uku ndi zovala za phwando, mpaka namwino anandiuza kuti ndikhale pansi ndikuzunguza odwala mitu. Kenako dokotala wina wachizimayi anandiitanira pafupi ndi bedi la Dailesi. Anakweza chithunzi chija pawindo n'kundionetsa pamene fupa la ntchafu linathyokera, pomwe limalowa m'chiuno. Anandionetsanso timafupa ta msana timene tinali titaphwanyika kale n'kukhalirana, ndipo anati n'chifukwa chake mwanayo anafupika. Anati mafupa awa ndi ofumbwa, otere amawaona mwa nkhalamba, osati mwa mtsikana amene akukwatiwa kumene. Anafunsa ngati pali mankhwala amene wakhala akumwa.

Ndinati palibe. Dailesi anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Manja anga anapita okha pamfundo ya chitenje, pamene ndinamangirira timapiritsi ta tsikulo, ndipo ndinatiika m'dzanja la dokotala.

Mayiyo sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anafunsa zonse kuyambira pachiyambi, za kuonda kuja, za kumwezi, za kubindikira, ine ndikuyankha ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Kenako anandifotokozera zimene ndikufuna nanunso mumve, chifukwa ine ndinazimva mochedwa. Anati mafuta a m'thupi sali ngati katundu wongosungidwa m'thumba. Amatulutsa timadzi tina totchedwa mahomoni, timene timayenda m'magazi n'kumauza ziwalo zina zochita, mafupa omwe. Mtsikana akaonda mopitirira, mafuta akatha, timadzi timeneto timachepa, kumwezi kumaima, ndipo mafupa amaleka kudzimanga pa msinkhu womwe amayenera kukhwima. Kuima kwa kumwezi kuja, anatero, linali thupi likukuwa kuti thandizeni. Nthawi imeneyo Dailesi ankafunika chakudya chabwino, kupuma, ndi munthu womuthandiza pa chisoni chake.

Anapitiriza kuti kunenepa kopitirira nakonso sikuteteza mafupa monga ambiri timaganizira. Mafuta akachuluka kwambiri, makamaka a pamimba, amatulutsa zina zimene zimasokoneza kamangidwe ka fupa, ndiye munthu amaoneka wamphamvu kunja pamene m'kati mukutha. Tsono timapiritsi tija, anati, ndi mankhwala enieni amene madokotala amapereka mosamala kwa odwala mphumu ndi matenda ena, koma munthu akamwa nthawi yaitali amadya mafupa, amafooketsa minofu, n'kuunjika mafuta pamimba ndi pankhope. Kumutsekera m'nyumba kopanda dzuwa ndi kumuletsa kuyenda kunangomaliza ntchito. Mwachidule, ine ndinatenga mafupa ofooka kale, n'kuwafooketsanso, kenako n'kuwasenzetsa thupi lolemera. Pomaliza anandiyang'ana ineyo n'kunena kuti nanunso mayi musadalire thupi lanulo, mudzabwere tidzakuoneni. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, mwambi umenewu ndinaumvetsa nditaima pafupi ndi bedi limenelo.

Nditatuluka ndinapeza Lakisoni m'khonde, atabwera ndi ovolosi yake ya mafuta. Anali atamva zonse kwa amayi ake, amene ankamvetsera ali pakhomo dokotala akulankhula, ndipo tsopano anali pabenchi atagwira tsaya. Ndinayamba kudziteteza, pakamwa pangapa sipachedwa. Ndinati apongozi, ndinkaopa kuti mumusiya, anthu ankati ali ndi matenda aja. Mnyamata wofatsa uja anandiyang'ana m'maso koyamba chidziwireni.

"Amayi, ine ninamufunsira ali woyonda. Ndani anakuuzani kuti nifuna wina?"

Ndipo anawonjeza kuti asanatumize n'komwe ankhoswe, iye ndi Dailesi anapita limodzi kukayezetsa magazi, ndipo onse awiri anapezeka alibe kachilombo. Ndinabwerera kwa Dailesi n'kumufunsa chifukwa chimene sanandiuze. Anayankha mofooka kuti ndinanena ndekha kuti mawu akuti kiliniki asamvekenso m'nyumba, ndipo ankaopa kuti ndikadziwa kuti anapitako ndimuthamangitsa. Kalanga ine! Yankho limene linkandisowetsa mtendere nthawi yonseyo linali m'nyumba mwanga momwemo, likudya nane mbale imodzi, ndipo amene analitseka pakamwa ndine.

Anamuchita opaleshoni n'kumuika chitsulo m'chiuno. Mankhwala aja sanamusiyitse kamodzin'kamodzi, anati kutero n'koopsa, ankachepetsa pang'onopang'ono iwo eni. Fupa linachedwa kugwirana chifukwa linalibe mphamvu. Anatuluka mwendo umodzi uli waufupi, msana wopindika pang'ono. Lakisoni sanamusiye. Anakwatirana chaka chotsatira m'tchalitchi, popanda ng'oma, mkwatibwi atakhala pampando. Amake Lakisoni analira tsiku limenelo, anati funso lawo lija akanalimeza. Ine sindiwaimba mlandu, iwo anangofunsa, wogula mankhwala ndinali ine. Bana Mwila anasamutsa benchi lake, ndipo kantemba kaja kanapitiriza kugulitsa kwa azimayi ena.

Thupi la Dailesi linaphwa pang'onopang'ono mpaka kufika pakati, pamene linayenera kukhala chiyambire. Patapita zaka, madokotala akumuyang'anira, anabereka mwana wamkazi. Koma anamuuza kuti asayerekeze kubereka mwanayo kumbuyo, msana wake sungathe.

Tsono ndikupempheni, inu azimayi anzanga, inu alangizi, inu apongozi. Mwana akaonda mpaka kusiya kupita kumwezi, musamutsekere pakamwa, thamangani naye kuchipatala ngakhale pamzere patakhala mudzi wonse. Musagule mankhwala opanda dzina okulungidwa m'nyuzipepala, ndipo ngati wina akumwa kale asasiye payekha, akaonane ndi dokotala. Musayeze moyo wa munthu ndi kukula kwa mikono yake, pakuti woonda kwambiri ndi wonenepa kwambiri onse mafupa awo ali pangozi. Mtsikana akati pakupweteka, mumvereni, mwambo ukhoza kudikira kapena kuchitika atagwada. Ndipo anthu a kumpopi asakulamulireni nyumba. Amene ankandiombera m'manja aja palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzamutembenuza Dailesi pabedi.

Mdzukulu wangayo ndinamubereka kumbuyo ndine. Kusikelo, kutchalitchi, kumsika, anakulira pamsana panga, mayi wake akutitsatira pambuyo ndi ndodo. Dailesi sananditukwanepo, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kumandiwawa koposa. Tsiku lina mwanayo akadali wakhanda, ndinafika kwawo ku Matero n'kupeza Dailesi atakhala pamphasa, atatsamira khoma, chitenje chili m'manja. Anandipempha kuti ndimuike mwanayo kumbuyo kwake ndimumangirire, sadzuka ayi, angokhala pomwepo pang'ono kuti amve mmene zimakhalira. Ndinamumangirira, manja anga ali pansi pa mwanayo kuti kulemera kusafike pamsana. Anatseka maso, n'kuyamba kugwedezeka pang'onopang'ono akumuimbira. Kenako anati, "Amayi, chotsani manja." Ndinalephera kuwachotsa.